Mwana sabwera ndi dokowe: sewero la ku Germany lomwe likuwawabe mpaka lero

Ambirife tidakula tikudziwa kuti mwana amakagulidwa kuchipatala. Amayi akasowa pakhomo masiku atatu n'kubwera ndi kakhanda m'nsalu, ukafunsa, yankho lidali lomwelo: takagula. Ukapitiriza kufunsa kuti mwagula ndalama zingati, amakuuza kuti tapita ukasewere panja. Ku Germany zaka 130 zapitazo, ana ankauzidwa kuti khanda limabwera ndi dokowe, mbalame ya miyendo italiitali ija imamanga chisa pamwamba pa denga. Bodza lake ndi lomwelo, kungoti kwathu kuno mulibe mbalame.

Pa bodza limeneli ndi pomwe pamayambira Spring Awakening, sewero la nyimbo, lomwe anzathu a ku America amati musical. Mtsikana wina, Wendla Bergmann, wamva kuti mchemwali wake wachira, wabereka. Akufunsa mayi ake kuti amuuze zoona, chifukwa iye wakula tsopano, za dokowezo sakuzikhulupiriranso. Mayi aja atuluka thukuta, azungulirazungulira, kenako angomuuza kuti mkazi amakhala ndi mwana akamukonda mwamuna wake ndi mtima wonse, ali pabanja. Nkhani yathera pomwepo. Wendla achoka akuganiza kuti tsopano wadziwa zonse. Sewero lisanathe, mtsikanayu ali m'manda.

Ine seweroli sindinalionere m'holo ayi. Ndidakumana nalo pa foni, zidutswazidutswa pa YouTube, usiku bandulo ikatchipa, kenako ndidasaka nkhani yake yonse. Chomwe chidandigwira n'chakuti anthu ake avala zovala za m'ma 1890, akuphunzira Chilatini, koma mavuto awo ndimawadziwa mayina ndi nkhope.

Mwini nkhaniyi ndi Frank Wedekind, mlembi wa ku Germany yemwe adabadwa mu 1864. Adatulutsa sewero lake, Frühlings Erwachen, mu 1891, ndi ndalama za m'thumba mwake, ku Zurich. Dzinali likunena za kudzuka kwa nyengo yomwe mitengo imaphukira chisanu chikatha, ndipo aliyense akhoza kuona kuti akunena za kutha msinkhu. Pansi pa mutuwo adalemba kuti ili ndi tsoka la ana. Padatenga zaka 15 kuti wina alimbe mtima kuliika pa siteji. Adachita zimenezi ndi Max Reinhardt ku Berlin mu Novembala 1906, ndipo ngakhale pamenepo mbali zina adazidula. Ku New York mu 1917 akuluakulu a mzinda adafuna kuliletsa ponena kuti n'lolaula, moti lidaseweredwa kamodzi kokha. Ku Britain ofesi ya Lord Chamberlain, yomwe inkavomereza masewero mpaka 1968, idalikanikiza kwa nthawi yaitali, ndipo National Theatre idadzalisewera lonse lathunthu mu 1974.

Taganizani: sewero lodandaula kuti akuluakulu akubisira ana choonadi, akuluakulu omwewo n'kulibisa. Wedekind sakadapempha umboni woposa pamenepa.

Nyimbo zidadzalowamo mochedwa kwambiri. Steven Sater, yemwe adalemba mawu, wakhala akunena kuti ganizo lidamufikira mu 1999, ana asukulu awiri atawombera anzawo pa Columbine High School ku Colorado, dziko lonse la America likufunsa kuti ana athu akuganiza chiyani ndipo bwanji sitidadziwe. Iye ndi Duncan Sheik, woimba yemwe adapeka nyimbozo, adalimbana nalo pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri. Lidatuluka mu 2006 ku Atlantic Theater Company, kaholo kakang'ono ku New York, ndipo pa 10 Disembala chaka chomwecho lidasamukira ku Broadway, ku Eugene O'Neill Theatre. Mu 2007 lidatenga mphoto 8 za Tony, kuphatikizapo ya musical yabwino kuposa zonse. Lidatsekedwa mu Januwale 2009 litaseweredwa maulendo oposa 850. Ngati mudaonerako Glee, Lea Michele ndi amene adali Wendla. Jonathan Groff, mawu a Kristoff mu Frozen, adali Melchior. Nthawi imeneyo onse adali ana osadziwika.

Koma mphotozo tizisiye. Tiyeni tione anawo.

Melchior Gabor ndi mnyamata wanzeru m'kalasi, wowerenga mabuku omwe aphunzitsi sadamupatse, wosakhulupirira za tchalitchi, ndipo za thupi la munthu akuzidziwa chifukwa adadziwerengera yekha. Mnzake wapamtima, Moritz Stiefel, ndi wamantha, wogona m'kalasi. Akugona chifukwa usiku sapeza tulo: akulota maloto omwe mnyamata aliyense wa msinkhu wake amalota, koma palibe adamuuza kuti zimachitika, ndiye akuganiza kuti wapenga kapena Mulungu akumulanga. Melchior akafuna kumufotokozera, Moritz manyazi amugwira, n'kumupempha kuti angolemba papepala. Melchior alemba, ndi zojambula zomwe. Pepala limeneli mulisunge m'mutu, libweranso.

Mbali ya Moritz ndi yomwe imandipweteka kwambiri, mwina chifukwa ndidaphunzirapo ndi a Moritz angapo. Mnyamatayu alimbikira, mayeso a pakati pa chaka akhoza. Azembera mu ofesi kukaona zotsatira, apeza dzina lake, asangalala ngati wopenga. Koma aphunzitsi akhala pansi n'kuwerengera: kalasi yapamwamba ili ndi malo 60 okha. Wina ayenera kugwa, ndipo Moritz si mwana woti angabweretse ulemu pasukulupo. Amugwetsa. Akapita kwa bambo ake, bambo aja sakufunsa kuti mwana wanga zakhala bwanji. Nkhawa yawo ili pa nkhope yawo: akaonekera bwanji kuntchito, amayi ake akalowa bwanji m'tchalitchi. Moritz alembera kalata mayi a Melchior, munthu wamkulu yekhayo yemwe amamuona ngati womvetsa, kupempha ndalama zoti athawire ku America. Mayiwo ayankha kalata yaulemu, yachikondi ndithu, yomulimbikitsa kuti kulephera mayeso si mapeto a moyo, koma ndalama ayi. Pomwe mnyamatayo wanena mozungulira kuti akhoza kudzichotsa moyo, iwo akuona ngati akungowaopseza.

Usiku womaliza akumana ndi Ilse, mnzake wa paubwana yemwe adathamangitsidwa kwawo. Ilse amupempha kuti amuperekeze, akacheze monga kale. Moritz akana, ati ali ndi homuweki, pomwe sukulu adamuchotsa kale. Ilse atangochoka, Moritz azindikira kuti akadangovomera. Amuitana, koma wapita. Moritz adzipha.

Aliyense amene adadikirirapo zotsatira za MSCE, kapena kusaka dzina lake pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite foni ikunjenjemera m'manja, akudziwa kuti malo 60 aja si nthano. Ndipo malipoti a polisi kuno kwathu akhala akuonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu odzipha ndi amuna. Tidawaphunzitsa tokha kuti mwamuna salira. Moritz adayesa kulankhula katatu, kwa bambo ake, kwa mayi a mnzake, ndipo kachitatu mawu adamukanika pakhosi. Tikamati bwanji sadanene, nthawi zina munthuyo adanena, ife tidamva ngati phokoso.

Zomwe sukulu idachita pambuyo pake n'zomwe zimaonetsa kuti Wedekind akuluakulu ankawadziwa bwino. Apeza pepala la Melchior lija m'katundu wa malemu. Basi, wolakwa wapezeka. Si mayeso, si bambo, si malo 60 aja, koma pepala. Melchior achotsedwa sukulu osapatsidwa mpata wodziteteza. M'sewero loyambirira la Wedekind muli chigawo china choseketsa mowawa: aphunzitsi akumana kuti akambirane za imfa ya mwana, koma nthawi yambiri aithera kukangana ngati atsegule windo kapena ayi. Mayina awo enieniwo ndi chipongwe, wina dzina lake likutanthauza kuthyoka kwa fupa, wina kuwombedwa ndi dzuwa.

Opanga musical adapeza njira yawo yonenera zomwezo. Akuluakulu onse m'seweroli, makolo, aphunzitsi, m'busa, dokotala, amaseweredwa ndi anthu awiri okha, bambo mmodzi ndi mayi mmodzi. Yemwe wangomenya mwana m'kalasi ndi yemweyo akulira pamaliro ngati kholo. Poyamba ndidaona ngati n'kupulumutsa ndalama za malipiro. Kenako ndidakumbukira momwe zinkaonekera ndili ndi zaka 15: akuluakulu onse adali munthu mmodzi, wa mawu amodzi, ndipo mawuwo adali akuti usatero.

Njira ina ndi ya maiki. Anawo akamalankhula, amalankhula mwaulemu, chilankhulo cha m'ma 1890, manja kumbuyo. Koma zikafika pakhosi, mnyamata apisa m'jekete la yunifolomu, atulutsa maiki, magetsi asintha, bandi iyamba rock, ndipo aimba m'chilankhulo cha lero, kutukwana komwe. Nyimbo ikatha, maiki abwerera m'thumba, kalasi ipitirira ngati palibe chachitika. Aphunzitsi samva kalikonse. Nyimbozo sizipititsa nkhani patsogolo monga zimakhalira m'masewero ena a mtunduwu, ndi zomwe zili m'mutu mwa mwanayo basi. Ine ndikaona zimenezi ndimaona status ya pa WhatsApp yomwe wabisira amayi, abambo ndi azakhali onse. Pabalaza ukuti zili bwino amayi, pa foni ukulemba zoti anzako okha ndiwo awerenge. Maiki athu tili nawo m'thumba tonsefe.

Tsono Wendla. Pano ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pomwenso seweroli lili ndi chilema chake.

Wendla ali ndi zaka 14 m'buku la Wedekind. Mnzake Martha waulula kuti bambo ake amamumenya ndi lamba, ndipo ife oonera timamva zomwe anzakewo sakuuzidwa, kuti bamboyo amamugwiriranso, mayi ake akudziwa koma ali chete. Martha awachonderera anzake kuti asauze munthu, poopa kuthamangitsidwa monga Ilse. Wendla, yemwe sadamenyedwepo, asokonezeka mpaka kupempha Melchior kuti amukwapule ndi kamtengo kuti amve zomwe mnzake amamva. Ndi chigawo chovuta kuonera. Pambuyo pake awiriwa akumana m'khola losungiramo udzu, mvula ikubwera, ndipo zomwe zidachitika mmenemo ndi zomwe anthu akhala akukangana kuyambira 2006.

Kwa Wedekind nkhaniyi ilibe chinsinsi: Melchior adamugwirira Wendla. Mu musical adaifewetsa. Wendla akana, akananso, kenako aoneka ngati walola, nyimbo yokoma ikumveka, anzawo atawazungulira. Ambiri otsutsa adati apa opanga sewero adafuna kuti Melchior akhalebe ngwazi yoti oonera aikonde, ndipo ine ndili mbali yawo. Mtsikana yemwe akukhulupirira kuti mwana amabwera pokhapokha uli pabanja sangavomere chinthu chomwe sakuchidziwa n'komwe. Melchior ankadziwa zonse, mpaka adalemba pepala la zojambula. Wendla sankadziwa kanthu. Kuyika nyimbo yokoma pamwamba pa kusiyana kumeneku n'kuchita zomwe mayi Bergmann adachita, kukuta chinthu chowawa ndi mawu a chikondi.

Komabe chilema chimenechi chimatiphunzitsa china chomwe mwina eni ake sadalinge. N'kosavuta kuonera Spring Awakening n'kunena kuti vuto lidali umbuli, ana akadangouzidwa bwenzi zonse zili bwino. Nanga Melchior bwanji? Iye adali ndi chidziwitso chonse, ndipo ndi amene adavulaza mnzake. Adadziwa momwe thupi limagwirira ntchito, koma palibe adamuuza kuti mnzako akati ayi, ndiye kuti ayi. Mabuku ake adalibe tsamba limenelo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza ife a mafoni. Mwana wa Fomu 1 lero safunika Melchior womulembera pepala. Ali ndi Google, ali ndi TikTok, ali ndi gulu la pa WhatsApp lomwe makolo ake sadziwa kuti liliko, ndipo zomwe amaona kumeneko zimaposa zojambula za Melchior kutalitali. Ndiye wina akhoza kunena kuti seweroli latha ntchito. Ine ndikuona kuti tangochulukitsa a Melchior: ana odziwa zambiri, zina zabodza, popanda wamkulu woti akhale nawo pansi. A Wendla nawonso sadathe. Alipo omwe adamva kwa anzawo kuti koyamba sungatenge mimba, kapena kuti ukasamba msanga palibe chichitike.

Chodabwitsa n'chakuti chikhalidwe chathu sichidali chete ngati cha Germany wa Wedekind. Makolo athu adadziwa kuti mayi sangathe kuuza mwana wake wamkazi zinthu izi maso ndi maso, ndiye adaika anthu ena: anamkungwi, azakhali, agogo, ndipo matchalitchi adadzabweretsa alangizi. Zina zomwe zinkaphunzitsidwa kuchinamwali n'zoyenera kutsutsidwa, ndipo zatsutsidwa mokwanira. Koma panali munthu yemwe ntchito yake idali kulankhula. Lero mwana wokulira ku Area 25 kapena ku Chilomoni, azakhali ake ali kumudzi kapena ku Johannesburg, agogo amawaona pa Khirisimasi. Kusukulu kuli Life Skills, inde, koma ambirife tikukumbukira momwe mutu umenewo unkadutsidwira: aphunzitsi kuyang'ana pawindo, kalasi kuseka, kenako mukawerenge nokha. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, nkhani za atsikana otenga mimba zidadzaza manyuzipepala, ndipo aliyense adaloza chala mnzake, makolo kuloza mafoni, aphunzitsi kuloza makolo.

Sindikunena kuti Malawi wa lero ndi Germany wa 1891. Ife tili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wendla adalibe zimenezi. Koma lamulo limathera pageti. M'nyumba mukalowa manyazi, chomwe chimalamula ndi funso lomwe lidalamula bambo a Moritz, loti anthu atiseka.

Ndipo seweroli silisiya ngakhale kholo labwino. Mayi a Melchior ndi omasuka, amalola mwana wawo kuwerenga chomwe akufuna, ndipo sukulu itamuchotsa amuikira kumbuyo. Koma bambo ake atawaonetsa kalata yomwe Melchior adalembera Wendla, mayiwo agonja, avomera kuti mwanayo apite kusukulu yosungirako ana olakwa. Ufulu womwe adamupatsa udali wa mabuku. Moyo weniweni utagogoda pakhomo, nawonso adatseka chitseko.

Mwa maulendo onse omwe seweroli labwereranso pa siteji, womwe ndimaukonda ndi wa gulu la Deaf West Theatre la ku Los Angeles, lomwe lidafika nalo ku Broadway mu 2015 motsogozedwa ndi Michael Arden. Iwo adalisewera m'Chingerezi ndi m'chinenero chamanja cha ku America nthawi imodzi. Wendla ndi Moritz adaseweredwa ndi achinyamata osamva, Sandra Mae Frank ndi Daniel Durant, aliyense ali ndi mnzake womuimbira mawu chapambali. Sadangochita izi kuti zikongole. Mu 1880, zaka 11 buku la Wedekind lisanatuluke, msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva ku Milan udagamula kuti ana otere aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa, chinenero chamanja chichoke m'kalasi. Ndiye pa siteji ya Deaf West, Moritz akukakamizidwa kutchula Chilatini ndi mawu omwe iye sangawamve, ndipo mayi a Wendla akuvutika kulankhula ndi mwana wawo m'chinenero cha mwanayo. Nkhani ya makolo ndi ana osamvana idasanduka chinthu choti uchione ndi maso. M'gulu lomwelo mudali Ali Stroker, yemwe adakhala woyamba kusewera pa Broadway ali pa njinga ya olumala. Durant mudamuonanso mu filimu ya CODA, yomwe idatenga Oscar mu 2022.

Mathero ake amasiyana. Melchior athawa kosungidwa kuja, afika kumanda usiku, apeza manda atsopano, awerenga dzina la Wendla. Afuna kudzipha. Mu musical, mizimu ya Moritz ndi Wendla imuletsa, imuuza kuti apitirize moyo atawanyamula mumtima, kenako gulu lonse liimba nyimbo ya chiyembekezo. Kwa Wedekind kulibe zotonthoza zotere. Moritz atuluka m'manda kudzamunyengerera mnzake kuti amutsatire, ndipo amene amupulumutsa ndi munthu wachilendo wobisa nkhope, yemwe akuti mnyamatayu akungofunika chakudya chotentha m'mimba kuti aganize bwino. Pa siteji ya ku Berlin mu 1906, munthu wobisa nkhopeyo adali Wedekind mwiniwake. Ine ndimakonda mathero akalewa. Wamkulu mmodzi yekha m'sewero lonse amene akulankhula ndi mwana mosamunamiza, ndipo mlembi adachita kudzuka pampando wake kukamusewera yekha.

Za momwe Wendla adafikira m'mandamo, zidayenda chonchi. Adayamba kudwaladwala. Dokotala adabwera, pamaso pa mtsikanayo adati ndi kuchepa kwa magazi, n'kulemba mapiritsi. Ali kuseri adauza mayi ake zoona. Mayi aja adamukalipira mwana wawo kuti wawachititsa manyazi, Wendla n'kudabwa kuti zatheka bwanji poti iye sali pabanja, ndipo atazindikira adawafunsa chifukwa chomwe sadamuuzire zonse tsiku lija. Yankho padalibe. M'malo mwake mayiwo adakonza mwachinsinsi zoti mimbayo ichotsedwe ndi munthu wa kuseri, osamuuzanso mwanayo komwe akupita. Wendla sadabwerere.

Pamwala wa manda ake adalembapo kuti adamwalira ndi kuchepa kwa magazi. Nditawerenga zimenezo ndidakumbukira maliro ena omwe ndidapitako ndili ku sekondale, a mtsikana wa kalasi yoyandikana ndi yathu. Woimira banja adaimirira, adathokoza onse obwera, n'kunena kuti mwana wathuyu watisiya atadwala kwa nthawi yochepa. Ife anzake tidali kumbuyo, pansi pa mtengo, mu yunifolomu. Tonse tinkadziwa, ndipo tidaimba nawo nyimbo mpaka kumanda.